Singano ya Dzanja Lamanzere

Ine, Senila mwana wa Epagato, wa zaka makumi awiri, wokhala mumzinda uno wa Matisiko, mumsewu wa osula mkuwa, nyumba yachitatu kuchokera pachitsime, ndimagwira ntchito ndi bambo anga omwe ndi sing'anga wa maso. Ndikupereka umboni uwu papositi ya asilikali a pamlatho, pamaso pa mkulu wa positi, bwana Kandido. Mlandu wake ndi umene a Borilo, eni mabwato onyamula vinyo, anasumira bambo ndi ine, woti ndinabaya mayi awo m'diso ndi phini ya tsitsi. Andiuza kuti ndiyambire pachiyambi, komanso kuti ndikwezeko mawu.

Ine ndine wamanzere. Ndinaphunzira kuwerenga ndi kulemba zaka zinayi kwa mphunzitsi wa pakhonde la msika, ndipo iye ankandimanga dzanja lamanzere kumsana ndi lamba. Mayi atamwalira ndinasiya sukulu, ndinayamba kutsuka ndi kupukuta zida za bambo.

Zidazo ndi zomwe zili patebulo apazi, m'bokosi lamatabwa lotsekula chokoka. Muli timipeni titatu ta zigwiriro zamkuwa ndi misonga yachitsulo, mbaniro ziwiri zozulira nsidze zikamamerera mkati, tingowe tinayi tokwezera chikope, kasupuni kopakira mankhwala, mwala wosinjirapo, ndi chidindo cha dzina la bambo chimene timadinda pamankhwala athu asanaume. Mulinso kachubu kamkuwa kokhala ndi chivindikiro. M'kachubumo mumakhala singano ziwiri zotsitsira ng'ala.

Pantchito ya ng'ala pali lamulo. Diso lamanzere limabayidwa ndi dzanja lamanja, diso lamanja ndi dzanja lamanzere. Singano imalowera mbali ya kukhutu, ndiye dzanja likadutsa pamphuno limatchinga kuwala. Bambo ankagwira ndi manja onse mofanana.

Zaka ziwiri zapitazo, nyengo yozizira, bambo anadwala mwezi wathunthu. Atachira, dzanja lawo lamanzere linatsala likunjenjemera. Kuyambira pamenepo aliyense wobwera ndi ng'ala ya diso lamanja ankamubweza, ankati sinakhwime. Anabweza anthu asanu ndi mmodzi. Tsiku lina anabwera kuchokera kumsika atanyamula mitu iwiri ya nkhosa. Anaiika patebulo, anandipatsa singano, anati, "Gwira ndi dzanja lako lokwapulidwa lija." Ndinabaya maso a nkhosa miyezi inayi. Kenako bambo anasulitsa singano ina kwa mnansi wathu, ya chigwiriro chochepa ndi mizere yopotera kwina. Bambo anauza wosulayo kuti singanoyo ndi yawo. Ndi iyo ili payokha pambali pa bokosiyo.

Mayi Matugena, amayi a a Borilo, asanabwere ndinali nditabaya maso amanja khumi ndi atatu. Khumi anaona, awiri anaona pang'ono, limodzi silinaone. Odwalawo sitinkawauza kuti wobaya ndine. Bambo ankati anthu sangalole mtsikana. Tinkachita chonchi: ine ndinkayamba kugwira mutu wa wodwala kumbuyo, bambo atakhala kutsogolo. Akamanga diso linalo ndi ubweya wa nkhosa, ankalamula kuti pasapezeke woyankhula. Kenako tinkasinthana malo titavula nsapato. Izi ndikuvomera kuti tinkachita.

Pa tsiku loyamba la mwezi uno wa Meyi, ola lachiwiri chitulukire dzuwa, kunyumba kwathu kunabwera mayi Matugena, amasiye ogulitsa nyama ya nkhumba yamchere kudoko. Anawatsogolera mdzakazi wawo. Diso lawo lamanzere linafa kalekale ndi mafuta otentha. Lamanja linali ndi ng'ala zaka zitatu. Anati mwana wawo a Borilo apita ndi mabwato ku Lugudunu, ndipo za singano amakana. Mawu awo ndikuwakumbukira. Anati, "Mwana wanga akuti ndizimwa madzi a pakasupe wa mulungu. Ndamwa mpaka ndayamba kulira ngati chule. Timaso tamkuwa ta nsembe ndaponyamo tinayi. Mulungu amene uja ali ndi maso ambiri kuposa ine, koma sakundiona."

Bambo anayang'ana disolo pawindo, anati ng'ala yakhwima. Anawauza kuti adye pang'ono ndi kumwa madzi okha masiku atatu, tsiku lachinayi asadye konse. Mayi Matugena anati, "Ine wogulitsa nyama, kugona ndi njala? Chabwino. Koma diso likapanda kuona ndidzadya inuyo."

Anabweranso pa tsiku lachisanu ndi chimodzi la mweziwu, ola lachitatu. Kunja kunalibe mtambo. Tinakwera nawo m'chipinda chapamwamba, chomwe chili ndi windo limodzi lalikulu. Mdzakazi tinamusiya pansi. Tinawakhazika pakampando kafupi moyang'ana windo. Bambo anamanga diso lakumanzere, chifukwa ngakhale lakufa limayenda, ndipo likayenda linzake limatsatira. Tsitsi la mayi Matugena linali lodzola mafuta ambiri, moti nsalu inaterereka kawiri. Ndinazula phini yanga yafupa m'tsitsi mwanga, ndinabayira nsaluyo kumbuyo kwa mutu wawo. Tsitsi langa linagwera m'mapewa, ndipo ndinalisiya choncho.

Bambo anati, "Tsopano chete." Tinasinthana malo. Ndinakhala pampando wautali, mawondo anga atagunda awo. Bambo anagwira mutu atautsamiritsa pachifuwa pawo. Ndinatsegula chikope ndi zala zamanja. Ndi dzanja lamanzere ndinalowetsa singano poyera pa diso, pakati pa chakuda ndi ngodya ya kukhutu, popanda mtsempha. Inalowa mpaka ndinamva kuti yafika popanda kanthu. Ndinaipendeketsa, ndinagwira ng'ala pamwamba, ndinaitsitsa pansi pa mwanadiso. Nditangofewetsa dzanja inakweranso.

Nthawi yomweyo pansi panamveka chitseko kumenyetsedwa kukhoma, mdzakazi akukuwa, ndi mapazi olemera pamasitepe. Masitepe athu ndi khumi ndi awiri. Singano inali ikadali m'diso. Analowa mwamuna wamkulu thupi atavala chofunda cha m'bwato. Sindinali kumudziwa, koma tsopano ndikudziwa kuti ndi a Borilo. Anakuwa kuti, "Mfiti iwe! Chotsa chimenecho m'diso mwa mayi anga!"

Bambo anati, "Musamukhudze! Mukamugwedeza diso latha."

A Borilo anabwera mpaka pafupi, anaima pakati pa ife ndi windo. M'disomo munada, nsonga ya singano sindinaionenso. Ndinati, "Chokani pa kuwala." Sanamve. Ndinanenanso kachiwiri mokweza, "Bambo inu, chokani pa kuwala!" Mkazi wa mnansi wathu akuti anamva ali kuchitsime.

Mayi Matugena anayankhula mano ali chilumire, mutu osasuntha. Anati, "Wamva. Choka."

A Borilo anabwerera m'mbuyo mapazi awiri. Kuwala kunabwerera. Ndinagwiranso ng'ala, ndinaitsitsa, ndinaipanikiza pansi kwinaku ndikuwerenga mumtima mpaka makumi atatu. Ndinafewetsa dzanja. Sinakwere. Mwanadiso anaoneka wakuda bii. Ndinatulutsa singano mowongoka ngati mmene inalowera.

Itangotuluka, a Borilo anandigwira pamkono, anandipotokola, anandilanda singanoyo. Chipsera chake ndi ichi, chayamba kuzilala. Ndinati, "Ndisiyeni ndimange kaye." Anandikankha, anatembenukira bambo, anawagwira pakhosi pa malaya ndi kuwaphwatika kukhoma. Ine ndinatenga ubweya umene ndinanyika kale m'choyera cha dzira, ndinauika padiso, ndinamanga. Mayi Matugena anati, "Borilo, ukamaliza kugumula nyumba ya eni ake undipezere mpando wonyamulira." Anawanyamula amalinyero awiri a a Borilo kupita nawo kwawo.

A Borilo anatenga bokosi la zida m'khwapa, dzanja linalo akukoka bambo. Kuchokera kwathu kufika papositi pano ndi mapazi ngati mazana anayi. Ine ndinkatsatira m'mbuyo wopanda nsapato, tsitsi lili chimasukire. Osula mkuwa anasiya nyundo zawo n'kutitsatira.

Pano a Borilo anauza bwana Kandido kuti, "Ndapeza mdala uyu wapana mayi anga pakhosi ngati nkhumba yokazinga, kamtsikana aka tsitsi lili mbwee, kakuwazokota m'diso ndi phini yake. Taonani tsitsi lakelo! Phini yachokamo ndi iyi." Anaponya singano patebulo.

Bambo anati, "Si phini imeneyo, bwana. Ndi singano ya ng'ala."

Bwana Kandido anainyamula, anaitembenuza, anati, "Mkazi wanga ali nayo yonga yomweyi. Anandibaya nayo mwezi watha." Asilikali anaseka. Kenako anandifunsa ineyo kuti phini yanga ili kuti. Anandifunsa katatu. Ndinayang'ana pansi.

Anafunsa bambo chifukwa chake sanabaye okha. Bambo anatambasula dzanja lawo lamanzere pamaso pa anthu onse, ndipo linanjenjemera. A Borilo anati, "Mwaona? Wakuba ndi mwana wake. Diso linali limodzi lokha, alipha." Munthu wina pakhomo anati anali atakonza zobweretsa amalume ake, koma basi waleka.

Bwana Kandido anagamula motere. Anati, "Ine sindine sing'anga. Diso liweruza lokha. Mumamasula liti?" Bambo anati tsiku lachisanu ndi chiwiri, kuwerenga kuyambira tsiku lobayalo. Bwana anati mpaka tsikulo bambo akhala m'chitolokosi ndipo zida zikhala m'manja mwa positi. Diso likapanda kuona, bambo ndi ine atitumiza omangidwa ku Lugudunu kwa woweruza wamkulu, ndipo zida aziphwanya. Likaona, nkhani aionanso. Ine anandilola kupita kunyumba.

Madzulo a tsikulo ndinawabweretsera bambo buledi ndi maolivi. Anandiuza kudzera pazitsulo za chitseko kuti, "Ubweya uzisintha m'mawa uliwonse. Azimwa phala lamadzimadzi lokha, asatafune, asayankhule." Ndinati, "Zosayankhulazo sindingathe, bambo." Iwo anati, "Palibe amene angathe. Yesako."

M'mawa mwake, tsiku lachiwiri, ndinafika pachipata cha mayi Matugena dzuwa likutuluka, nditanyamula mazira awiri ndi ubweya. A Borilo anatuluka, anati ndikapondanso pamenepo andiponya mumtsinje. Ndinakakhala pamwala wa tsidya lina la msewu. Ndinakhalapo mpaka ola lachinayi. Kenako ndinamva mawu a mayi Matugena mkati. Anati, "Borilo, mwanayo akapanda kulowa ndimasula ndekha nsaluyi, ndithiremo msuzi wa nsomba. Ukanene kwa Kandido kuti wandipha ndiwe." Mdzakazi anabwera kudzanditenga. Ndinasintha ubweya mawindo ali otseka. A Borilo anaima pakhomo la chipinda manja ali m'chiuno. Anawafunsa mayi awo ngati akudziwa zimene tinawachita. Iwo anati, "Zonena ndili nazo, ndikusungira tsiku lake. Sing'anga anati ndisayankhule."

Tsiku lachitatu ndinapeza chikope chatupa, diso lafiira, likutuluka misozi yomata. Mayi Matugena anati usiku sanagone, mutu ukuwawa mbali imeneyo. A Borilo anaona kutupako, anati, "Yamba kutsanzika abale ako." Mankhwala a kutupa, mwala wosinjira ndi kasupuni zonse zinali m'bokosi muno. Ndinathamanga kubwera kuno. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali ndisanalowe. Nditalowa ndinauza bwana Kandido zimene ndikufuna. Anati zida za mlandu sizituluka. Ndinati, "Ndiye diso likafa, lemberanitu kuti supuni munakaniza ndinu." Bwana anandiyang'ana, anati, "Kani umayankhula?" Analamula msilikali Rufino kuti anyamule zinthu zitatuzo yekha, asazisiye, ndipo abwere nazo ndikamaliza.

Tinapita. Ndinasinja mankhwala pamwala ndi madzi a mvula, a Rufino atagwira mwalawo mbali ina. Popaka anandilola kugwira kasupuni, koma anaima pafupi kwambiri ndi bedi. Mayi Matugena anati, "Ndani akununkha chitsulo ndi thukuta muno?" Mdzakazi anati, "Ndi mlonda wa supuni, mayi." Iwo anati, "Supuni ili ndi mlonda? Ine wamasiye ndilibe. Ndi wokwatira?"

Tinachita chimodzimodzi tsiku lachinayi ndi lachisanu, kawiri pa tsiku. Tsiku lachinayi kutupa kunali chimodzimodzi. Tsiku lachisanu madzulo kunayamba kuphwa. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinapeza mayi Matugena akumenyana ndi mdzakazi chifukwa cha fupa la nkhumba limene anabisa pansi pa pilo. Ndinawalanda. Disolo sindinaliyese ngati likuona. Bwana anali atalamula kuti lidzayesedwe pano, pamaso pa onse.

Lero, tsiku lachisanu ndi chiwiri, ola lachiwiri, anabwera nawo pampando wonyamula. Anawakhazika m'bwalo la positi lino, pamthunzi wa khoma, atafulatira dzuwa. Anthu analipo oposa makumi asanu, ena atakwera pakhoma la mlatho. Asilikali anatulutsa bambo manja ali omangidwa. Bwana Kandido anafunsa kuti amasula ndani. A Borilo anati asamasule mtsikanayo. Mayi Matugena anati, "Amene anamanga ndi amene amasule."

Ndinamasula nsalu. Ndinanyowetsa ubweya ndi madzi ofunda mpaka unamatuka. Ndinapukuta chikope. Ndinatchinga pamphumi pawo ndi dzanja langa, ndinati, "Tsegulani pang'onopang'ono, mayi." Anatsegula, anatsekanso. Misozi inatuluka. Anatsegulanso. Anaphethira nthawi yokwanira kutunga ndowa imodzi pachitsime.

Bwana Kandido anaima patsogolo pawo mapazi atatu, anakweza zala, anati, "Zingati, mayi?" Iwo anangoyang'ana patsogolo. Anafunsanso. A Borilo anati, "Si izi nanga. Mangani kamtsikanako."

Mayi Matugena anatembenukira kumene kunachokera mawuwo. Anati, "Borilo." A Borilo anati, "Mayi." Iwo anati, "Chikuwala pamutu pakocho ndi chiyani? Dazi limeneli layamba liti? Ndinakusiya uli ndi tsitsi iwe!"

Anthu anakuwa. Ena pakhoma anayamba kuwomba m'manja. A Borilo anagwira pamutu pawo, anati wina anawauza kale za dazilo. Bwana Kandido anakhalitsa anthu chete, anati iye wafunsa za zala. Mayi Matugena anati, "Zitatu, bwana, ndipo chofunda chanucho ndi chofiira. Ndikuona ngati munthu woyang'ana m'madzi, koma ndikuona. Ndipatseni funso la anthu akuluakulu."

Bwana analamula a Borilo kuti akaime pakati pa asilikali anayi kumapeto kwa bwalo, mtunda wa mapazi makumi awiri, ndipo asatsegule pakamwa. A Rufino anaika ndowa ndi chishango panjira mosachita phokoso. Bwana anati, "Kamtengeni mwana wanu." Mayi Matugena anaimirira. Mdzakazi anafuna kuwagwira mkono, iwo anamenya dzanja lake. Anayenda okha. Analambalala ndowa. Chishango anachikankha ndi phazi, anati, "Mwini wake atole." Anadutsa msilikali woyamba ndi wachiwiri, anaima pa a Borilo, anatambasula dzanja n'kuwagwira khutu lamanja kamodzi kokha, osafufuza. Anawakoka ndi khutulo mpaka patebulo la bwana. Asilikali anamenya mikondo pansi. Osula mkuwa anayamba kuimba nyimbo yawo ya paphwando.

Phokoso litachepa, mayi Matugena anapisa dzanja m'malaya, anatulutsa phini yafupa, anaiika patebulo pafupi ndi singano. Anati, "Phini ya mwanayu ndi iyi. Inali kumutu kwanga tsiku lonse lija, itagwira nsalu. Mwana wanga wayenda mtsinje wonse mpaka kunyanja, koma sasiyanitsa fupa ndi mkuwa."

A Borilo anati komabe tinanamiza mayi awo, chifukwa iwo ankaganiza kuti wobaya ndi bambo. Mayi Matugena anati, "Ndinali wakhungu, sindinali chitsiru. Manja oyamba kugwira mutu wanga anali aang'ono, ozizira. Kenako anabwera aakulu, limodzi likunjenjemera pakhutu panga ngati kambalame. Ndinati bola lonjenjemeralo lili kukhutu, silili kudiso. Ndinakhala chete."

Pamenepo nkhalamba ina yosoka nsapato, imene ndinaibaya chaka chatha, inakuwa kuchokera m'gulu kuti, "Nanenso ndinadziwa! A Epagato amatsokomola, koma wondibaya ine sanatsokomole!" Mayi wina anati nayenso anadziwa. Bwana Kandido anafunsa kuti alipo angati m'bwalomo amene anabayidwa diso lamanja kwathu. Anakweza manja asanu ndi awiri. Anafunsa ngati pali wodandaula. Manja onse anatsika. Bambo anati, "Ndiye nsapato tinkavuliranji?" Anthu anaseka, ndipo bambo anaweramitsa mutu, mapewa awo akugwedezeka.

Bwana anafunsa a Borilo ngati akupitiriza mlandu. Mayi awo anali akadagwira khutu lija. A Borilo anati authetsa. Mayi Matugena anati, "Pepesa kwa sing'anga." A Borilo anatembenukira bambo. Mayi awo anawapotoza ndi khutu, anati, "Awo upepesa pambuyo. Yamba awa." A Borilo anayang'ana ine, anati, "Pepani, a sing'anga." Mayi awo anati, "Sanamve a pamlatho." Anabwerezanso mokweza. Ine ndinati, "Zikomo." Kenako ndinauza mayi Matugena kuti akhale pansi ndiwamangenso, chifukwa diso latsopano silikhalitsa pa kuwala. Anakhala, ndinawamanga.

A Rufino anamasula bambo. Bwana Kandido anati zida sizingatuluke popanda umboni wolembedwa wa amene anagwira singano, n'chifukwa chake ndakhala pano. Anafunsa kuti pobweza alembe dzina la yani. Bambo anati, "Bokosi lembani langa. Singano yaing'onoyo lembani la mwana wanga, ndi yake." Anatinso kuyambira lero wodwala aliyense aziuzidwa asanakhale pampando kuti diso lamanja wobaya ndi Senila, ndipo amene sakufuna apite.

Ndawerenga zidazo pamaso pa mlembi ndipo zonse zilipo. Nsonga ya singano yanga inapindika pang'ono pamene a Borilo anaiponya patebulo. Mnansi wathu wosula waiona, wati aiwongola lero lomwe. A Borilo sindikuwasumira za mkono wanga, kapena za chitseko chathu, chifukwa atumiza kale mmisiri wawo wa mabwato kukachikonza.

Pempho langa ndi limodzi, loti zida zituluke dzuwa lisanafike pamutu. Panja pa chipata pali anthu atatu a ng'ala akudikira kuti ndiwayang'ane. Mmodzi ndi amalume a munthu uja anati waleka. Kuwala kwabwino m'chipinda chathu kumatha ola lachisanu ndi chimodzi.

Ndi zomwe ndikudziwa. Mlembi wandiwerengera, nanenso ndawerenga ndekha, ndipo palibe chochotsa kapena chowonjezera.

Wopereka umboni: Senila mwana wa Epagato
Wolandira umboni: Kandido, mkulu wa positi ya pamlatho, Matisiko